Mwendo wa a Tackett

Lolemba, 23 Okutobala

Andigoneka m'chipinda 214, bedi la pazenera. Darla, mwana wanga, wandigulira kope ili kuti ndizilemba zonse zimene madokotala akunena, chifukwa akuti ine ndimamuuza theka. Bondo lakumanja, lachitsulo lija anandiika zaka zitatu zapitazo, latupa ngati dzungu. Thupi latentha madigiri 102, pamene labwino pa muyeso wa kuno ndi 98.6. Alowetsa singano yaitali pambali pa bondo ndi kukoka timadzi tachikasu, machubu awiri. Dokotala Nair sanazungulire: "Bambo Ledford, awa ndi mafinya. Chitsulocho chituluka."

Polandirira odwala ndinatulutsa makhadi anga awiri, la inshuwalansi ya boma ya okalamba ndi la yowonjezera, ija imalipira zotsala boma likalipira gawo lake. Mlembi wa pamenepo anati, "Inu ndiye mulibe nkhawa." Ndikudziwa. Ndagulitsa inshuwalansi zaka makumi atatu ndi chimodzi m'maboma anayi a kuno kum'mawa kwa Kentucky.

Kuseri kwa nsalu yotchinga kuli munthu. Sindinamuone nkhope, koma pakamwa pake sipatsekeka.

Lachiwiri, 24 Okutobala

Sindidya kuyambira madzulo, opaleshoni ndi mawa m'mawa. Magazi atenga katatu.

Mnzanga wa bedi la pakhomo ndi a Burl Tackett, zaka 73, ankayendetsa malole a malasha. Mwendo wakumanzere anawadula Lamlungu m'munsi mwa bondo, matenda a shuga. M'mawa anaimba belu, nesi kubwera akuthamanga.

"Anesi, chala chachikulu chikundiyabwa. Tapitani kumene mwautaya mwendo uja mukandikandeko."

Nesi anaseka mpaka misozi. Nanenso ndinaseka.

Masana kunabwera akazi awo, a Verna, kamunthu kochepa, tsitsi lonse mbuu. Anabwera ndi nyemba ndi buledi wa chimanga. Anandipatsako chidutswa, akuti ndisunge ndidzadye ndikatuluka ku opaleshoni. Asanabwerere kwa amuna awo anaima nthawi yaitali ndithu akuwerenga bolodi lili kumutu kwanga, pamene alembapo dzina langa.

Lachitatu, 25 Okutobala

Chitsulo achotsa. Aikamo simenti yosakaniza ndi mankhwala. Kusanza kawiri. Sindingalembe.

Lachinayi, 26 Okutobala

Kachilomboko akapeza, ndipo kalowa kale m'magazi. Mankhwala a m'diripi kawiri pa tsiku, 8 koloko m'mawa ndi 8 koloko madzulo, kwa masabata asanu ndi limodzi. Mawa ajambula mtima kuti aone ngati kafikako. Thupi 100.4.

Ino ndi nyengo yosankha inshuwalansi, ndiye kanema wa pakhoma akungolengeza chimodzimodzi: siyani ya boma, bwerani ku ya kampani, pamwezi simulipira kalikonse, mano aulere, magalasi aulere, khadi logulira zakudya. A Tackett anakweza mawu a kanemayo.

"Achimwene a pazenera, inu muli pa iti?"

"Ya boma ndi yowonjezera."

"Ndiye mumalipira mwezi ndi mwezi? Aaa, mwatsalira. Simunamve kuti kunja kuno kuli yaulere?"

Ndinatembenukira kuzenera. Iwo anapitiriza okha.

"Ife kunabwera munthu ku holo ya ozimitsa moto, zaka zinayi zapitazo. Nkhuku yokazinga yaulere, mbatata, keke, khofi wosatha. Tayi yofiira, mawu ozizira ngati a m'busa wa pamaliro. Anamugwira Verna paphewa n'kumati, Mayi, kuseka kwanu n'kokongola, kukungosowa mano. Ine ndinaimika dzanja. Ndinati, nanga ndikadwala zenizeni? Iye akuti, Akulu, mukapanda kuikonda mudzabwerera ku yakale tsiku lililonse, khomo ndi lotsegula. Tinasaina tonse awiri mafuta a nkhuku ali m'manja. Yowonjezera tinali nayo zaka zinayi, tinaitaya tsiku lomwelo. Mumamudziwa munthu wotere, achimwene?"

Ndinati mankhwala akundipatsa tulo.

Ndinalembetsa anthu oposa mazana asanu ndi anayi. Nkhope zonse sindingazikumbuke. Tayi ndikuikumbuka.

Lachisanu, 27 Okutobala

Mtima uli bwino, kachilombo sikanafikeko. Wa mafizo wandiimiritsa ndi choyendera, mphindi imodzi. Mwendo wodwalawo usaponde.

Cha m'ma 2 koloko kunabwera Mayi Sizemore, amene amakonza za kumene odwala apite akatuluka. Analankhula motsitsa mawu, koma nsalu si khoma. Chipatala cha mafizo cha kutsidya kwa mtsinje chinawasungira malo a Tackett kuti akaphunzire kukhala ndi mwendo umodzi. Kampani ya inshuwalansi yawo yakana. Akuti sizofunikira, apite kunyumba, wa mafizo azidzawayendera kawiri pa sabata.

"Kwathu kuli masitepe asanu ndi awiri," anatero a Verna. "Ine ndimalemera mapaundi 104. Uyu 230. Chabwino, tibwerera ku yakale."

Mayi Sizemore anawafotokozera zimene ine ndimazidziwa ngati dzina langa. Kubwerera mosavuta n'chaka choyamba chokha. Chikatha, ogulitsa yowonjezera amafunsa za matenda ako, ndipo wa shuga wodulidwa mwendo sangamulandire. Njira yotsala ndi imodzi: kuonetsa boma kuti wogulitsa anawanamiza. Zikatero akhoza kutuluka ku kampani mwezi uno ukangotha, ndipo a yowonjezera saloledwa kuwakana. Koma mapepala ayenera kulowa pasanafike Lachiwiri madzulo.

"Sindikulonjeza, koma ndinaonapo zikutheka," anatero. "Vuto ndi umboni. Ogulitsawo savomera, ndipo ambiri supezanso kumene ali."

Ndinangomva nsalu ija ikukokedwa, mphete zake kulira.

"Kumupeza ndiye si vuto, mayi. Ndi uyu akukodzera m'botoloyu," anatero a Tackett.

N'zoona, botolo linali m'manja mwanga. Anthu atatu anandiyang'ana. Sindikanatha kusiya pakati.

Akuti anandizindikira Lolemba lomwe, nditangotsegula pakamwa kupempha pilo wachiwiri. Ndevu ndi kuwonda sizinabise mawu. Masiku anayi onsewa ankangondisewera.

Loweruka, 28 Okutobala

Thupi 99. Dokotala Nair anaimbira dokotala wa kampani ija pa nkhani ya a Tackett, anatuluka nkhope itada. Akuti munthuyo ndi dokotala wa ana ndipo fayilo anaiwerenga ali pafoni pomwepo. Achita apilo, yankho lituluka pakatha maola 72.

Darla anabwera a Tackett atawatengera kojambula. Ofesi yanga ndinamusiyira iyeyo nditapuma. Ndinamufotokozera zonse.

"Adadi, musasaine kalikonse. Mukavomera kwa mmodzi, boma litsegula mafayilo onse. Dzina lili pachikwangwani lija ndi langanso. Chiphaso changa chipita, nyumba ipita, ana awiri ali ku koleji."

"Munthuyo alibe mwendo, Darla."

"Munaudula ndinu? Ndi shuga. Zonse zinalembedwa pa tsamba 14 la kabuku, ndipo anasaina okha. Akanawerenga."

Mawu amenewa ndi anga. Ndinamuphunzitsa ndine ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Anandiuzanso kuti banja la a Tackett lidakali m'mabuku athu, chaka chilichonse chimene akhala ku kampaniyo ofesi imalandira kangachepe.

Potuluka anamva nesi akudandaula za mano a mayi ake. Anatsegula chikwama n'kumupatsa khadi la ofesi.

Lamlungu, 29 Okutobala

Mwendo ukupweteka kwambiri m'mawa, ndawauza 7 pa 10.

Atatuluka m'tchalitchi anthu a mpingo wa a Tackett anadzaza chipinda. Anabwera ndi nkhuku ndi keke ya maapozi imene mwini wakeyo saloledwa kudya. Anaimba nyimbo ziwiri. Abusa atatha kupempherera chitsa cha mwendo anatembenukira kwa ine.

"Nanga m'bale uyu timupempherere chiyani?"

"Dzanja lake lamanja, abusa," anatero a Tackett. "Lauma. Silingathe kugwira cholembera."

Abusa sanadziwe kanthu. Anandigwira dzanjalo ndi manja awo onse awiri n'kupemphera ndi mtima wonse kuti liwongoke. Amayi atatu aja ankadziwa, ndinawaona m'maso. Awiri mwa iwo ndikuganiza kuti analinso ku holo ija.

Onse atapita a Verna anakoka mpando n'kukhala pambali panga. Anaika pepala pathebulo langa. Analemba ndi Mayi Sizemore, mizere itatu: kuti ine Royce Ledford ndinawauza a Tackett kuti angabwerere ku inshuwalansi yowonjezera nthawi iliyonse, ndi kuti zimenezo sizinali zoona.

"Bambo Ledford, ndalama zanu sindikuzifuna. Kupepesa kwanunso ayi. Dzina lanu lokha, apa."

"Mayi, papita zaka zinayi. Sindikumbuka mawu amene ndinanena."

"Ine ndikukumbuka. Burl sankafuna. Ndinamukoka malaya pansi pa thebulo kuti asaine, ndinkafuna mano." Anatsegula pakamwa n'kundionetsa. "Ndi awa. Kampani inalipira a m'mwamba okha, ndalama zake akuti zinathera pomwepo. A m'munsiwa tinagulitsa ngolo ya galimoto."

Ndinati ndiganize kaye. Anati ganizani. Anandikonzera bulangete kumapazi asanachoke, sindikudziwa chifukwa chake.

Chaka choyamba mawu anga aja anali oona. Chimenechi palibe akuchitchula.

Lolemba, 30 Okutobala

Andiika kapaipi kolowera pamkono mpaka pafupi ndi mtima, kuti mankhwala azilowera pamenepo masabata onsewa. Impso zayamba kudandaula, nambala yakwera kuchoka pa 1.1 kufika pa 1.9. Akuti ndi mankhwala. Ndimwe madzi ambiri, mkodzo wonse aziyeza.

Apilo ija yakanidwa. Akuti akhoza kuwalipirira nyumba ya okalamba ina, mamailosi makumi asanu ndi anayi kuchokera kuno, yopanda mafizo a tsiku ndi tsiku. A Verna sayendetsa galimoto kunja kwa boma lino.

Ndinalemba kalata yangayanga m'malo mwa mizere itatu ija. Ndinaivutikira m'mawa wonse. A Tackett anauza akazi awo kuti aiwerenge mokweza.

"N'kutheka kuti pa msonkhano umene ukunenedwawo panali kusamvetsetsana, monga zimachitikira nthawi zina pamene nkhani zovuta zikufotokozedwa kwa anthu ambiri nthawi imodzi."

"Bwereza, Verna."

Anabwereza.

"Abwana a nkhuku, kalata yanuyi ndi supu wa chipatala chino. Madzi otentha, mchere mulibe, nyama inangodutsa pafupi."

Mayi Sizemore anaiwerenga n'kundibwezera. Akuti siingathandize kanthu. Ndinkadziwa, ndinailemba kuti isathandize.

Lachiwiri, 31 Okutobala

Impso 2.3. Lero ndi tsiku la mwambo wovala zoopseza ndi kugawa masiwiti: anesi avala makutu a mphaka ndi zipewa za mfiti, pathebulo lawo pali dzungu lodzaza masiwiti.

Cha m'ma 11 koloko m'mimba munandipotokola. Belu langa linali litagwera pansi, kuseri kwa bedi. A Verna anali atatsika kukagula khofi.

"A Tackett, tandiimbirani belu lanu. Chonde, zafika."

"Pempho lanu talilandira, bambo. Tikuliunika."

"A Tackett, sindikuseka!"

"Ifenso ayi. Yankho lituluka pakatha maola 72. Mukapanda kukhutira muli ndi ufulu wochita apilo."

Ndinafuula, koma chitseko chinali chotseka. Ndinadziipitsira pabedi, zaka 72. Nesi wa makutu a mphaka anandisambitsa ngati khanda, a Tackett akuimba mluzu kuseri kwa nsalu.

Masana a Verna anabwezera pepala lija pathebulo langa, cholembera pamwamba pake. Ofesi ya Mayi Sizemore imatseka 5 koloko. A Verna anakhala pampando, manja pamiyendo. 1 koloko. 2 koloko. Darla anaimba kawiri, sindinayankhe. Kamodzi ndinatenga cholembera, ndinaona a Verna akuweramira kutsogolo, ndinachigwiritsa ntchito kulemba kuchuluka kwa madzi amene ndamwa.

Nthawi ya 3 koloko ndinapempha jakisoni wa ululu. Ululu unalipo, koma sunali wa jakisoni. Ndinadzuka 6 koloko itadutsa. Pepala panalibe, mpando unali utabwerera kwawo.

Lachitatu, 1 Novembala

Mankhwala asintha, atsopanowa ndi katatu pa tsiku. Kutuluka kwanga kwaimitsidwa mpaka impso zitsike.

A Tackett sanalankhule nane tsiku lonse, ngakhale ndi anesi sanachite nthabwala. Kanema anazimitsa. Bola akanandinyoza.

Munthu amene anandisiya ndigone m'zoipa zanga ndimutayire mwana wanga? Ndaganiza zimenezi tsiku lonse ndipo zandithandiza.

Lachinayi, 2 Novembala

Impso 2.0. Ndayenda ndi choyendera mpaka pakhomo ndi kubwerera. Podutsa pabedi lawo ndinaona chitsa chija akuchimanga. Sichinapole, m'mbali mwake ndi mofiira.

Lachisanu, 3 Novembala

A Tackett atuluka lero. Kampani inasiya kulipira bedi lawo dzulo.

Wa mafizo anawapatsa a Verna mphindi makumi awiri. Anamanga lamba m'chiuno mwa amuna awo n'kuwaonetsa mogwirira powachotsa pabedi kupita panjinga ya olumala. Anayesa katatu. Kachitatu onse awiri anatsala pang'ono kugwera pa ine. Wa mafizoyo analemba pafomu kuti banja laphunzitsidwa.

"Nanga masitepe?" anafunsa a Verna.

"Akhale pansi azikwera chobwerera, ndi matako. Kapena mupemphe a mpingo akukhomereni matabwa."

Akuwakankha kupita pakhomo a Tackett anati, "Imani kaye." Anatambasula dzanja kwa ine. Ndinawapatsa langa. Analifinya ndi dzanja lawo la chiwongolero lija, pamalo pomwe pali bala la diripi, mpaka ndinamva mafupa akukhudzana. Ankandiyang'ana m'maso.

"Ndimafuna ndione ngati muli magazi," anatero. "Tiyeni, Verna."

A Verna sanandiyang'ane.

Loweruka, 4 Novembala

Pabedi la pakhomo abweretsapo mkulu wogontha, wothyoka chiuno. Amangogona. Impso 1.7. Kuseri kwa dzanja kwada.

Lolemba, 6 Novembala

Impso 1.3. Dokotala Nair akuti mawa ndipita ku mafizo. Mayi Sizemore anabweretsa mapepala. Palibe woti apemphedwe chilolezo, dokotala akalemba basi zatha. Anandionetsa posaina ndi chala, osatchula dzina langa.

"Apa ndi apa. Ndaona kuti lero dzanja likugwira."

Lachiwiri, 7 Novembala

Ndili kutsidya kwa mtsinje. Chipinda changa ndekha, zenera loyang'ana mapiri, mitengo yayoyola kale masamba. Nesi wondilandira ndi wansangala.

"Muli ndi mwayi, bambo. Kuno malo ndi osowa. Chipinda chino tinasungira munthu wina masiku angapo, kampani yake inakana."

Pakabati panali kapepala komata kolembedwa dzina. Anakamatula ndi chikhadabo n'kumatapo kanga. Ndinali nditawerenga kale.

Lachinayi, 9 Novembala

Mafizo maola atatu pa tsiku: 9 koloko miyendo, 11 koloko kuvala ndi kusamba, 2 koloko kuyenda pakati pa zitsulo ziwiri. Chakudya n'chabwino, dzulo kunali nsomba.

Kuno kuli mkulu wa zaka 80 wodulidwa mwendo ngati a Tackett. Wakhala masiku khumi ndi awiri. Amachoka yekha pabedi kupita panjinga, amasamba yekha. Lero amamuphunzitsa kugwa, momwe munthu angagwere osaphulitsa chilonda, ndi momwe angadzukire. Sindinkadziwa kuti kugwa amaphunzitsa. Ndinayang'ana mpaka wa mafizo wanga anandikalipira kuti ndasiya kuwerenga.

Lolemba, 13 Novembala

Ulusi wa pabondo achotsa, mfundo zonse 24. Magazi akuyera.

Darla wabwera ndi nkhani, anaimva kokonzetsa tsitsi. Loweruka a Tackett amatsika masitepe aja kupita kokamangitsa chilonda. Matabwa a mpingo anali asanakhomedwe. Anagwa kuchokera pa sitepe yachiwiri, a Verna ali kutsogolo kuti awagwire. Anawagwera. A Verna athyoka dzanja pamfundo. Chitsa chaphulika. Anakhala pansi pabwalo pafupifupi ola lonse mpaka wa positi anawapeza.

"Mwaona, Adadi? Mukanasaina bwenzi pano akunena kuti tawagwetsa ndife. Loya akanatidya amoyo."

Anandibweretsera masokosi atsopano ndi magazini. Akufunsa ngati adzandilole kutuluka tsiku limodzi sabata ya mawa, tikadyere limodzi nkhukundembo ya chikondwerero chothokoza Mulungu.

Lachitatu, 15 Novembala

Mmodzi wa amayi otsuka m'zipinda amapemphera ndi a Verna. Akuti dzulo a Tackett awadulanso mwendo uja, pamwamba pa bondo. Chilonda chinalowa dothi. Kampani yavomera opaleshoniyo tsiku lomwelo.

Sindinadye. Nesi walemba.

Lachisanu, 17 Novembala

Ndakana mafizo a m'mawa, ndati mutu. Ndapempha pepala ku ofesi.

Ndalemba kuti ndinanena mawu aja. Ndalemba kuti ndinkawanena pa msonkhano uliwonse, chifukwa anthu akawamva ankasiya kufunsa. Ndalemba kuti ndinkadziwa za chaka chimodzi, ndi kuti ine mwini nditakwana zaka 65 sindinayerekeze n'komwe kutenga chimene ndinkagulitsa. Ndasaina, ndaika tsiku. Nesi wasaina ngati mboni osawerenga.

Kalatayi ikalowa mwezi uno usanathe, pa 1 Disembala a Tackett adzakhala atatuluka ku kampani. Nthawi ilipo. Ndaiika m'kabati pansi pa masokosi. Lero ndi Lachisanu, maofesi atseka posachedwa. Darla akubwera Lamlungu ndi ana, sindikufuna kuwononga tsikulo. Lolemba.

Ndagona bwino masana, koyamba chibwerere kuno.

Lamlungu, 19 Novembala

Adzukulu abwera. Wamkulu akuti akamaliza koleji akufuna kulowa mu ofesi ya mayi ake. Tadya keke pabwalo, kunali dzuwa. Za kalata ija sindinamuuze Darla.

Lolemba, 20 Novembala

Nambala ndaipeza kwa mlembi wa ku ofesi yathu. Ndaimba itangokwana 10 koloko. Foni inalira nthawi yaitali.

"Mayi Tackett, ndine Royce Ledford. Ndasaina. Ndalemba zonse, zoposa zimene munapempha. Mungatume munthu adzatenge, kapena ndipereke kwa Mayi Sizemore."

Ndinkamva anthu akulankhula chapatali ndi mbale zikugundana.

"Burl wamwalira dzulo m'mawa, bambo Ledford. Magazi anaundana n'kupita kumapapo."

Ndinati pepani. Ndinatinso pepani.

"Maliro ndi Lachitatu. Musabwere, musatumize maluwa. Koma anasiya mawu anu, anandilumbiritsa kuti ndikuuzeni. Dikirani ndikhale pansi, dzanja limodzili likundivuta." Ndinamva mpando ukukokedwa. "Akuti ndikuuzeni kuti kumene akupitako wafufuza kale. Safunsa za matenda, sakana munthu, ndipo pamwezi simulipira kalikonse. Akuti akusungirani bedi la pazenera."

Anadula foni.

Ndakhala ndi kalatayo m'manja mpaka nthawi ya chakudya. Ikanathandizabe a Verna. Nawonso ndinawalembetsa tsiku lomwelo, ndi mawu omwewo, ndipo ndinaona mabotolo a mankhwala a mtima m'chikwama chawo. Iwo sanaganizeko zimenezo. Ine sindinawakumbutse.

Ndaing'amba tizidutswa ting'onoting'ono, ndataya m'chimbudzi, ndatsitsa madzi kawiri.

Mafizo a 2 koloko ndapita. Bondo lapinda madigiri 60. Thupi 98.4, impso 1.1. Mankhwala atsala a masiku khumi ndi asanu ndi awiri, kenako adzandiika bondo latsopano. Dokotala akuti ndikuchira bwino kuposa anthu ambiri a msinkhu wanga.